Lamba wa Dengu la Tiyi

Chaka chimene amayi anabwera kudzakhala nane ku kompaundi ndinali nditathyola tiyi pa esiteti imodzimodziyo zaka khumi ndi zinayi, ndipo panalibe amene sankadziwa kuti ndine wamtima wapachala. Sindikana. Ndinakanganapo ndi kalaliki wa pasikelo mpaka anthu kusiya madengu kudzaonerera, ndipo bambo a ana anga atapita ku Joni n'kusiya kuimba foni, ena ankati anathawa pakamwa panga. Mwina ankanena zoona. Koma ukali wanga unali wa pakamwa basi. Dzanja ndinali ndisanakwezerepo munthu, ngakhale ana anga omwe.

Amayi anawabweretsa achimwene anga aakulu, eni mbumba athu, kuchokera kumudzi kwa Changata. Anafika pa njinga yamoto ya kabaza, amayi ali pakati, kachikwama ka zovala kali pamiyendo. Achimwene sanakhale n'komwe pansi bwinobwino.

"Chemwali, amayi mutu wayamba kusokonekera. Dzana anasonkha moto pamphasa m'nyumba. Kumudzi kulibe wowayang'anira, ndipo ine ndine mwamuna, sindingawasambitse. Mwambo wathu mukuudziwa nokha."

"Nanga alamu anga alibe manja?"

"Aaa, chemwali, mkazi wanga azisambitsa apongozi ake mwana wamkazi alipo? Anthu ati chiyani?"

Anakwera njinga yomwe ija kubwerera ku Limbe kumene amakhala. Kuyambira tsikulo, chimene ankatumiza osadumphitsa sabata ndi malangizo a pafoni: muziwapatsa phala m'mawa, musamawakalipire, muziwapempherera. Ndinkayankha kuti ndamva, foni ndikuiyang'ana ngati ndiiponye m'ngalande.

Amayi nawonso anali wothyola tiyi pa esiteti yomweyo, kuyambira ine ndisanabadwe mpaka msana utawakana. Matenda a kuiwala anawalanda zambiri. Anaiwala kuti abambo anamwalira, moti ankawasungira ndiwo m'mbale. Chichewa chinayamba kuwathawa, n'kumabwerera ku Chilomwe cha makolo awo, chimene ine ndimangomva mwa apo ndi apo. Koma manja sanaiwale kanthu. Akakhala pakhonde zala zinkangoyenda zokha m'malere, kuthyola, kuthyola, n'kuponya kuseri kwa phewa kumene kumakhala dengu. Anamaliza nsonga zonse za mpanda wa maluwa wa kutsogolo kwa nyumba. Kenako analowa m'kadimba ka mnansi wanga, mayi wa nyumba yogundizana ndi yanga amene tinkathyola m'gulu limodzi, n'kuthyola nkhwani wake yense. Sanathyole mwachisawawa ayi. Anatenga masamba awiri ndi kansonga, monga amafunira ku fakitale. Mnansi wangayo anaseka mpaka misozi.

"Agogowa alembedwenso ntchito, atiposa tonse."

Nanenso ndinaseka. Unali mwezi wa Okutobala, tiyi anali asanaphuke, ndipo ndinkaweruka dzuwa likadali pamutu.

Mvula itagwa kuseka kunatha. Amene sanagwirepo ntchito imeneyi sadziwa kuti nthawi ya dzinja tiyi sadikira munthu. Mzere umene wathyola lero, pakangopita masiku ochepa waphukanso. Timalawira kusanayere, akapitawo aitana mayina, ndipo timaweruka masamba onse akayezedwa pasikelo n'kukwezedwa m'thirakitala. Nyumba ya ku kompaundi si yako, ndi ya esiteti. Ukamajomba ntchito imatha, ndipo ntchito ikatha kiyi umabweza. Ine ndinalibe kwina kopita ndi nkhalamba yodwala.

Choncho ndinayamba kuwatsekera m'nyumba. Ndinkawasiyira madzi, chinangwa chophika ndi chidebe chodzithandiziramo, n'kukhoma loko kunja. Ndikamatsika kanjira kopita kumunda ndinkawamva akumenya chitseko, akuitana m'Chilomwe. Ndinkafulumira kuti ndisamve.

Tsiku lina anatulukira pawindo. Mpaka lero sindidziwa kuti munthu wa mafupa okhaokha anakwera bwanji pamenepo. Kunali nkhungu yoti sungaone munthu ali mizere itatu kuchokera pamene waima. Analowa m'munda wa kumtunda, kumene kunkathyola gulu la anthu olembedwa nyengo ya mvula yokha, ochokera kutali, osawadziwa. Popeza analibe dengu, amayi anavula chitenje n'kumaikamo masamba. Chitadzaza anavula bulauzi. Anthu aja anangoona nkhalamba yosavala ikutulukira m'nkhungu pakati pa tiyi, ikuyankhula yokha.

Uthenga unandipeza ndili pakati pa mzere. "Thamangani, amayi anu akuwagenda!" Ndinataya dengu, masamba kumwazika. Ndinapeza anthu atawazungulira. Wina akuti mfiti yagwa paulendo, kwaichera, wina watolanso mwala wachiwiri. Amayi anali atakhala m'matope, atakumbatira mtolo wawo wa masamba, magazi akutsika pachipumi. Zimene ndinatukwana tsiku limenelo sindingazilembe. Koma amene anawapulumutsa si ine. Anali akapitawo athu, bambo wachikulire amene analowa ntchito amayi akadathyola. Anavula jasi lawo la mvula n'kuwafunditsa, kenako anamasula mtolo uja, natapa masamba kuonetsa anthu.

"Taonani apa. Masamba awiri ndi kansonga, paliponse. Mulibe ndi limodzi lomwe lokhwima. Inu mwanyamula miyalanu, ndani wa inu amathyola chonchi? Mayi awa anandiphunzitsa ntchito ine. Bwererani m'mizere yanu."

Anthu anabalalika, ena akung'ung'udzabe. Pondiperekeza akapitawo anatsitsa mawu.

"Mayi, lero ndinalipo. Mawa mwina ndidzakhala kumunda wina. Komanso mukudziwa mmene tiyi alili, munthu akagwera pansi pa zitsambazi saoneka, mukhoza kufuna sabata yathunthu. Apezereni njira."

Madzulo ake ndinaimbira achimwene. Ndinawafotokozera zonse, ndinawapempha kuti awatenge ngakhale mwezi umodzi wokha, mpaka masamba atachepako. Anati nyumba yawo ndi yaing'ono, anati alamu anga akuvutika ndi kuthamanga kwa magazi. Pomaliza anati zimene zachitikazo n'zochititsa manyazi banja lonse, ndiziwayang'anira bwino amayi. Ndinadula foni asanafike pa zondiuza kuti ndizipemphera.

Njira ndinaipeza ndekha, ndipo sindinaifune patali. Tili ana, azimayi a ku esiteti akasowa wowalerera ankatenga mwana woyenda kumene n'kumumangirira ndi chitenje kumtengo wa mthunzi m'mphepete mwa munda, kuti asalowe pansi pa tiyi n'kusowa. Amayi anandiuzapo okha akuseka kuti ine ndinali wovuta, ankachita kundimanga mfundo ziwiri. Ndinadziuza kuti palibe kusiyana. Iwo anandimanga kuti ndisafe, nanenso ndiwamanga kuti asafe.

Madengu athu timaberekera kumsana ndi malamba olimba, oti sangaduke ngakhale dengu litadzaza masamba onyowa. Ndinachotsa lamba ku dengu lakale, ndinamulumikiza ndi chingwe kuti atalike, mbali ina ndinamanga kumwendo wa bedi, mbali inayo pakakolo pa amayi. Ndinayeza bwinobwino kuti azifika pa madzi ndi pa chidebe koma asafike pawindo. Tsiku loyamba ndinakulunga kansanza pakakolo kuti lamba asawapweteke, ndipo ndinalira njira yonse mpaka kumunda. Sabata yachiwiri sindinalire. Sabata yachitatu kansanza kaja ndinkakaiwala, ndipo amayi anayamba kutambasula okha mwendo akangondiona ndatenga lamba. Ndinkati eya, azolowera.

Ndinene zoona, chifukwa ndikabisa apa ndiye kuti ndikungotaya nthawi kulemba. Ndinkawakonda amayi, ndipo ndinayamba kudana nawo, zonse ziwiri nthawi imodzi. Ankadziipitsira pogona. Zofunda ndinkachapa pampopi kusanache, koma mvula ya ku Thyolo siilola bulangete kuuma, ndiye nyumba yonse inkanunkha, ine ndemwe ndinkanunkha, moti anzanga pamzere wa sikelo ankasendera pang'ono ndikaima pafupi. Ndikawaphikira ankalavula, ati ndathiramo mankhwala. Ndikafuna kuwasambitsa ankandikanda. Ndinayamba kuwakalipira ngati mwana, kenako kuwakoka mkono m'malo mowadzutsa, kenako kuwakankhira supuni mkamwa mwamphamvu. Chilichonse mwa zimenezi ndikachichita koyamba ndinkachita manyazi. Kachiwiri ndinkati n'kutopa.

Nditapita nawo ku chipatala kukatenga mankhwala a miyendo, namwino anaona chilonda chozungulira kakolo. Atandifunsa ndinati anakodwa mu waya wa mpanda. Sananditsutse. Anatsuka chilondacho, anamanga bandeji, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga inuyo mayi, amakuthandizani ndani?"

"Wodwala ndi awa, ine ndili bwinobwino," ndinayankha mokalipa.

Ndikanayankha mofatsa ndikanalira pamaso pa anthu onse a pabenchi. Mawa lake lamba ndinamusamutsira kumwendo winawo.

Mnansi wanga anafunsapo kuti bwanji agogo sakumenyanso chitseko masiku ano. Ndinati asiya okha. Khoma lathu ndi limodzi, amamva ngakhale ndikatsokomola, ndiye ndikudziwa kuti sanakhulupirire. Koma ankaopa pakamwa panga, anangoti chabwino asisi, n'kupitiriza kutsuka mbale zake.

Tsiku limene ndikufuna kunena linali la mu Febuluwale. Masamba anali ochuluka, mvula inayamba m'mawa osakata, ndipo thirakitala inatitimira m'matope pa kamlatho ka kumunsi. Popanda thirakitala masamba sachoka m'munda, ndiye tinakhala pa shedi tikudikira, madengu ali pansi, tikunjenjemera. Ine mtima unali kunyumba. Chinangwa ndinasiya chochepa, ndipo ndinadziwa kuti chidebe chadzaza. Tinaweruka dzuwa litapendeka kale. Zala zinali zitang'ambika, msana ukuyaka moto, ndipo panjira ndinkalakalaka chinthu chimodzi chokha, kudziponya pa matiresi anga.

Matiresi amenewo anali chinthu chabwino chokhacho m'nyumbamo. Anandigulira mwana wanga wamkazi wa ku Luchenza atangokwatiwa. Amayi ankagona pamphasa yoyalapo pulasitiki, ndipo m'mawa uliwonse matiresiwo ndinkawachotsa pabedi n'kukawaimika kuchipinda chinacho kumene lamba sankafika. M'mawa umenewo ndinachedwa pampopi, ndinatuluka chothamanga, ndinaiwala.

Nditatsegula chitseko ndinangoti kakasi. Pabedi panali matabwa okhaokha. Amayi anali atang'amba nsalu ya matiresi n'kuthyola siponji yonse, kachidutswa kachidutswa, tofanana kukula, tsiku lonse lathunthu. Anali atatiunjika bwinobwino pa chitenje pakati pa chipinda, mulu wofika m'mawondo. Chidebe chinali chitagubuduzika, zonyansa zitayenderera mpaka pansi pa muluwo. Iwo anali khale pambali, miyendo atatambasula, nkhope ili mwee. Anandiyang'ana n'kuyankhula Chichewa chomveka bwino, chimene ndinali ndisanachimve mkamwa mwawo kwa miyezi.

"Yezani. Lero ndathyola ambiri."

Ndikukumbuka kuti ndinagwada n'kumasula lamba pakakolo pawo, monga ndinkachitira tsiku lililonse ndikaweruka. Ndikukumbukanso kuti nditaimirira, lambayo anali akadali m'dzanja langa. Ndinawakwapula kumsana. Ndinawakwapulanso. Ndinkakuwa kuti, "Mufa liti? Mufa liti kuti ndipume ine?" Amayi sanalire. Anangodzipinda, manja ataphimba mutu. Dzanja linakwera kachitatu, ndipo apa ndinali nditatembenuza lamba kuti kutsogolo kukhale mfundo yake yolimba. Ndikunena zimenezi chifukwa sizinachitike mwangozi, ndinachita kutembenuza ndekha.

Wina anandigwira mkono kumbuyo. Anali mnansi wanga, pulasitiki ya kumunda ikadali m'chiuno. Ndi mayi wamfupi, wofatsa, amene ndinali ndisanamumvepo akukweza mawu, koma anandipotokola mkono mpaka lamba anagwa.

"Asisi, mwapenga? Awa ndi amayi anu!"

"Tulukani m'nyumba mwanga! Mukudziwapo chiyani inu? Munachapapo bulangete la manyi inu? Tulukani!"

"Sindituluka. Tukwanani mmene mungathere, ndinazolowera. Ndakhala ndikumva kukhomaku miyezi iwiri, ndikungoti si nkhani yanga. Nanenso ndinalakwa."

Anatola lamba uja, anamasula chingwe kubedi, n'kuzipisa zonse m'chitenje chake.

"Izi ndatenga. Kuyambira mawa muziwasiya kwathu. Mlamu wanga ali ndi khanda, amakhala pakhomo tsiku lonse, aziwayang'ana. Ndikauzanso amayi a kumpingo kuti tigawane masiku. Achimwene anuwo mundipatse nambala, ndiwaimbira ine, ndione ngati andiuze za nyumba yaing'ono. Mukakana, mawa lomweli ndikanena kwa akapitawo ndi kwa namwino zimene ndaona. Musankhe nokha."

Ndinangokhala pansi, pa zonyansa pomwepo. Ndinkayang'ana dzanja langa. Ndinadziwa kuti akanachedwa pang'ono, mfundo ija ikanatera pamutu pa amayi, ndipo sindinadziwe kuti ndikanalekezera pati. Mantha amene anandigwira apo anaposa a tsiku la miyala lija, chifukwa anthu a miyala ndikanatha kuwatsekera kunja.

Mnansi wanga anatuluka, anabwerako ndi ndowa ya madzi ofunda amene mlamu wake anamuterekera kuti asambe.

"Kawasambitseni. Ine ndikolopa muno."

Ndinawatengera kubafa kuseri kwa nyumba. Mvula inali itakata, kunja kukuonekabe. Ndinawakhazika pa kampando n'kuwavula. Pamsana panali mizere iwiri yotupa, umodzi utang'ambika pang'ono pafupa la phewa. Msana umene unabereka madengu zaka zonse zija unali utachepa ngati wa mwana wa sukulu. Ndinanyowetsa kansalu, ndikudikira kuti andikande kapena andilavulire. Ndinkafuna atatero.

Sanatero. Madzi ofunda atawakhudza anapumira m'mwamba, anatembenuka n'kundiyang'anitsitsa. Kenako anandiitana dzina langa la paubwana, limene palibe wina aliyense amene amalidziwa pa esiteti yonse.

"Ndiwe? Wabwera liti mwanawe?"

"Ndabwera, amayi."

Anandigwira dzanja, anasuzumira kukhomo la bafa ngati pali wina akumvetsera, n'kuyamba kunong'ona. Chichewa ndi Chilomwe zinasakanikirana, koma ndinamva zonse.

"Muno mumabwera mayi wina iwe ukachoka. Amandimanga mwendo ngati mbuzi. Lero wandimenya. Taona kumsanaku."

"Ndaona, amayi."

"Sindinamulakwire kanthu. Ntchito ndinagwira yonse, masamba abwino okhaokha." Anandisisita chala chong'ambika. "Ndimamuuza ine. Ndimati mwana wanga akadzamva udzaona. Mwana wanga salola zopusa, anthu onse amamuopa. Akabwera mawa umuthamangitse."

Anandigwedeza dzanja, maso ali pa ine, akudikira.

"Wamva kodi? Usandisiye ndekha ndi mayi ameneyo."

"Ndamva, amayi," ndinatero. "Sindikusiyani naye."

Anagwedeza mutu, anatembenuka, n'kundipatsa msana kuti ndipitirize kuwasambitsa.